Telesikopu ya pa Emperor's View isadzapitirire 20x

Wofuna kutsutsa atsutse, koma maganizo anga ndi awa: tsiku lomwe adzaganize zoika telesikopu yoti aliyense azionerapo masana pa Emperor's View kapena pa Queen's View, paphiri la Zomba, asadzathamangire nambala yaikulu. Ya 20x, yokuza zinthu ka 20, ikwana. Wogulitsa adzabwera ndi bokosi lolembedwa 60x, komiti nkuwomba m'manja kuti yapeza chida champhamvu, koma ndalamazo zidzakhala zalowa m'madzi.

Vuto lalikulu ndi mpweya. Kuchokera pamwamba apo kukafika ku Sapitwa, nsonga ya Mulanje ya mamita 3002, pali mtunda wa makilomita oposa 60. Dzuwa likatenthetsa chigwa cha Phalombe, mpweya wotentha umakwera ndipo zinthu zakutali zimaoneka zikugwedera. Telesikopu sisankha. Ikakuza phiri ka 60, imakuzanso kugwederako ka 60, pamodzi ndi kunjenjemera kwa dzanja la wogwira komanso kamphepo kamene sikasowa pamwamba paja. Mu Seputembala ndi Okutobala pamabweranso utsi wa moto wa tchire. Palibe galasi, ngakhale lodula chotani, lotha kuboola utsi. Udzangoona Mulanje wamkulu wotuwa, osazindikira kanthu.

Ndiye ganizirani amene adzaikepo diso. Si akatswiri oonera mbalame ayi. Ndi ana asukulu obwera pa basi, agogo, akwati odzajambulitsa zithunzi, ndipo aliyense ali ndi kamphindi kochepa mnzake asanamukoke malaya. Pa matelesikopu ambiri a galasi la mamilimita 80, ukaika pa 20x umaona malo otambalala mamita pafupifupi 35 pa mtunda wa kilomita imodzi. Pa 60x amatsala ochepera 20. Kufunafuna chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa mwanjira imeneyi kuli ngati kusuzumira m'bango. Munthu amazunguliza chidacho, osapeza kanthu, nkuchokapo akunena kuti ndi chakufa.

Pali kamasamu kena kosavuta. Gawani kukula kwa galasi lakutsogolo ndi mphamvu yokuzira: 80 kugawa ndi 20 ikupereka mamilimita 4. Kumeneko ndiye kukula kwa kadontho ka kuwala kotulukira poika diso. Masana mwanadiso amakhala wa mamilimita 2 kapena 3, choncho ngakhale mutu usunthe pang'ono, chithunzi sichithawa. Pa 60x kadonthoko kamangopitirira pang'ono milimita imodzi. Chithunzi chimada, ndipo ukangosuntha pang'ono waona mdima. Ovala mandala ndiye amavutika zedi, pokhapokha galasi loikapo diso litalola diso kukhala patali mamilimita 15 mpaka 20.

Ena adzati tigule ya zoom, yotha kusintha mphamvu yokuzira, aliyense azidzisankhira yekha. Ine ndikukana. Chilichonse chopotokola chikaikidwa pagulu, anthu amachipotokola mpaka kumapeto, ndipo wobwera pambuyo amachipeza chili pa 60x, chosaoneka bwino. Pakhale mphamvu imodzi yokhazikika, galasi loikapo diso likhale lomangiriridwa kuti lisalowe m'thumba la munthu. Makina oponyamo ndalama a kampani ya Tower Optical, omwe akhala pamalo oonera ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1930, amakuza ka 10 kokha, ndipo ndi a maso awiri poti anthu ambiri savutika nawo ngati mmene amavutikira potsinzina diso limodzi.

Musadzalandirenso mphatso ya telesikopu yoonera nyenyezi nkuikhazika pamenepo. Zambiri mwa izo zimaonetsa zinthu chadodolido. Kwa mwezi zilibe kanthu, koma tawuni ya Zomba yozondoka palibe angaikonde. Ikufunika ya prism mkati, kagalasi kowongola chithunzi, yotsekeka bwino yosalowa madzi, chifukwa nkhungu ya paphiri paja ikangolowa, magalasi amachita nguwi mkati momwe simungapukute.

Ndalama zopulumuka posagula nambala yaikulu zipite ku mzati wachitsulo womangidwa mu simenti, ndi kachitsepe koti ana afikire. Pamzatipo pakhalenso chotsekereza kuti chidacho chisathe kuloza kumwamba. Emperor's View yayang'ana chakum'mawa, kotero m'mawa dzuwa limakhala m'munsi, mbali yomweyo anthu akulozako, ndipo kuliyang'ana kudzera mu telesikopu kumawotcha diso munthu asanaphethire. Chotsekereza sichingathandize pa nthawi imeneyo. Pakhale chivundikiro chokhala ndi loko, chizichotsedwa dzuwa litakwera.