Tipatule ndalama yoyesera zinthu zomwe zingalephere

Dzulo madzulo ndinali pamzere kwa ejenti ku Area 25, ndikudikira kutapa ndalama. Kutsogolo kwanga kunali mayi wina wogulitsa tomato, akutumiza ndalama kwa amayi ake ku Ntchisi. Ejenti anawerenga nambala mokweza, mayi aja anavomera ndi mutu, foni inalira, nkhani yatha. Kale ndalama imeneyo ikanapita mu envelopu, kupatsira kondakitala wa basi, n'kugona osapeza tulo mpaka utamva kuti yafika.

Ndili pamzerepo ndinaganiza za mmene zotumiza ndalama pa fonizi zinayambira kuno ku Africa. M-Pesa, yomwe Safaricom ndi Vodafone anaitsegula ku Kenya mu 2007, poyamba sinali ya kutumizirana ndalama ayi. Mu 2005 anaiyesa ndi anthu ochepa kuti otenga ngongole zing'onozing'ono azibweza kudzera pa foni. Ndalama yoyesera ina inachokera ku boma la Britain, ina Vodafone inaikapo yake. Koma anthu anayamba kutumizirana okhaokha, ena kulipira katundu, ena kusungamo ndalama akamayenda ulendo kuopa akuba. Eni ntchitoyo anaona zimenezi n'kusintha njira. Pa tsiku loyamba palibe akanalemba papepala kuti phindu lidzachokera uku.

Maganizo anga ndi awa: kampani yaikulu iliyonse ya zaukadaulo, kuphatikizapo za kuno kwathu, izipatula ndalama ya ntchito zomwe palibe angalonjeze kuti zitheka. Ndipo ntchito ikalephera, amene anayesa asamaonedwe ngati awononga chuma.

Google inatsegula malo ofufuzira otchedwa X mu 2010 kuti izichita ntchito zotere. Kumeneko kunatuluka Loon, mabaluni ouluka m'mwamba kwambiri opereka intaneti kumidzi. Mu 2020 anayamba kugwira ntchito ku Kenya pamodzi ndi Telkom Kenya, koma mu January 2021 anaitseka poona kuti mtengo wake sukutsika. Inatha. Koma m'nyumba yomweyo munakulira galimoto yodziyendetsa yokha yomwe lero ndi Waymo. Ndipo transistor, kachipangizo komwe kali mu foni ya mayi wa tomato uja, kanatulukira ku Bell Labs mu 1947, komwe kampani ya matelefoni inkalipira anthu kuti afufuze zinthu zosagulitsika mawa.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa inandichitikira. Pa kampani ina yomwe ndinkagwira ku City Centre, ine ndi mnzanga tinapempha miyezi itatu ndi kandalama pang'ono kuti tiyese njira yoti mlimi wa soya azidziwa mtengo wa kumsika pa foni ya mabatani, popanda bandulo. Tinajambula zonse pa bolodi. Abwana anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa kuti, "Zibweretsa zingati pofika December?" Tinalibe yankho, ndipo sitinafune kuwanamiza. Msonkhano unathera pomwepo. Mnzangayo pano ali ku Johannesburg.

Abwana aja sindikuwada. Zipangizo zonse timagula ndi madola, madolawo kusowa, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 bajeti iliyonse inasokonekera. Munthu amene akuvutika kulipira malipiro a mwezi uno n'zomveka kuti aope. Sindikunena kuti atsegule thumba lonse. Apatule gawo laling'ono chaka chikamayamba, anthu atatu kapena anayi, n'kugwirizana tsiku lodzakhala pansi kuona ngati ntchitoyo ipitirire kapena ithe. Ikatha, anthuwo alembe zomwe apeza n'kubwerera pa madesiki awo osachita manyazi.

Izi si zachilendo kwa ife alimi. Ku Chitedze, malo ofufuzira za ulimi pamsewu wa ku Mchinji, amadzala mitundu yambirimbiri ya mbewu m'timinda ting'onoting'ono, akudziwa kuti yambiri sidzafika kwa mlimi. Ngakhale agogo anga ankasiya mizere iwiri kumapeto kwa munda kuti ayese mbewu yomwe apatsidwa ndi mnansi. Ikakanika, nkhokwe inkadzaza ndi mizere ina ija.

Anyamata ndi atsikana akumaliza ku MUBAS ndi ku MUST chaka ndi chaka ali ndi mitu yakuthwa, koma ambiri tikuwalemba ntchito yokonza mapirinta ndi kusintha mapasiwedi. Zojambula za pa bolodi lija ndinazijambula pa foni tisanafute, ndipo ndikadali nazo.