Mwatimangira kilasi kapena uvuni?

Ndakwiya ine, wokhumudwa akhumudwe. Dzulo cha m'ma 13 awazi aphunzitsi andiimbira foni ati amayi bwerani mudzatenge mwana, watuluka kamfuno ndipo akulira mutu. Ndatseka kantemba kanga, ndakwera njinga ya hayala, mtima uli m'mwamba. Mwana wa giredi 7, mayeso ali pafupi. Kufika pasukulu andilozera kubuloko yatsopano ija, ya makilasi atatu yomwe tinaivinira chaka chatha mpaka fumbi kobo, penti yake ikali kuwala ukaiona uli kumseu. Ndalowa. Anthuni, ndinaima mphindi zisanu zokha koma bulauzi yonse inanyowa kumsana. Malata ali pamutu pomwepa, siling'i kulibe, mawindo ting'onoting'ono ndiponso mbali imodzi yokha, ena satseguka chifukwa zogwirira zinathyoka kalekale. Ana opanikizana anayi padesiki akudzikupiza ndi makope, ena agoneka mitu, aphunzitsi nawonso thukuta kamukamu choko chikumata m'manja. Uwu ndi Okutobala wa ku Chipata, dzuwa lake tonse tilidziwa, nanga amene anajambula nyumba iyi anakulira kuti?

Ndawafunsa kuti aphunzitsi, mumatha bwanji umu? Aseka chabe, ati amayi masiku ena ikangokwana 11 timatuluka kukaphunzirira pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa ofesi. Mwamva? Nyumba ya ndalama zankhaninkhani yagonja kwa mtengo umene unabzalidwa ndi munthu amene mwina anamwalira kale. Ndipo chondiwawa kwambiri nchakuti pamalo pomwe pali bulokoyo panali mitengo ina, anaigwetsa, ina inapita kukawotchera njerwa zomangira uvuni womwewu. Tadula mthunzi kuti tiwotche njerwa, njerwazo manje zikuwotcha ana athu. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Musandiuze kuti ndalama kulibe. CDF, ndalama zimene boma limapereka zachitukuko cha m'madera, inakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi imodzi, chaka chomwecho maphunziro aulere anayamba ndipo ana anadzaza m'makilasi, izo nzabwino sindikana. Mwina ndi pulani imodzi yomwe amangokopera paliponse, mwina kontirakita amafuna kutsalako ndi kenakake, izo nzawo. Ine changa nchimodzi, nyumba yophunziriramo muziiyesa ndi mwana amene akhalamo masana, osati ndi riboni. Obwera kudzayendera amabwera 9 koloko kukali kozizira, awerenga zitseko, agogoda khoma, ajambulitsa, asaina, galimoto yalira. Bwerani 14 awazi mu Okutobala, mukhale padesiki ya kumbuyo mpaka belu, mukatuluka ndiye musaine. Bweraninso mu Januwale mvula ikugunda malata opanda siling'i mumve ngati mawu a aphunzitsi afika mzere wachitatu. Kilasi imene mwana sangaganizemo sinathe kumangidwa, kaya penti ndi yokongola chotani.

Ndipo si nzeru zochokera kumwamba izi. Ku Burkina Faso, dziko lotentha kuposa kuno, Francis Kéré anamanga sukulu kumudzi kwawo ku Gando mu 2001 ndi njerwa za dothi la pompo, malata anawakweza m'mwamba kusiya mpata pakati pa denga ndi siling'i kuti mpweya wotentha uzituluka, opanda fani opanda magetsi. Mu 2022 anamupatsa mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri kwa ojambula nyumba. Agogo athu nawonso ankadziwa, nyumba yaudzu ya khonde lalikulu umagonamo masana osatuluka thukuta. Ife taphunzira, tayamba kumanga mabokosi. Mawindo mbali zonse ziwiri kuti mphepo idutse, khonde lotchinga dzuwa, mitengo kumadzulo, zimenezi zifuna digiri?

Nanga madzi. Kuno mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka chabwino, ndipo milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 200 ndiye kuti malita 200,000, werengani nokha madramu. Pabuloko ija palibe gatala olo imodzi, thanki osanena, madzi onse amagwera pansi kukumba maziko ndi kung'amba chigwembe chopita kubwalo la mpira, kenako mu Seputembala ana omwewo auzidwa kubwera ndi zigubu za madzi kuchoka kunyumba. Chilala cha 2024 tinachiona tonse, chimanga chinauma chili chiimire, malaiti kumazima tsiku lonse, koma tikumangabe ngati palibe chinachitika.

Mwana ali bwino, ndamugulira madzi ozizira wagona. Koma potuluka ndinadutsa kuseri komwe anakumba dothi la njerwa, chidzenje chija chikali kukamwa yasa mpaka lero, palibe anakwirira. Mvula ikayamba chidzadzaza, udzudzu uswana momwemo, ndipo tiana ta giredi 1 timadutsa pomwepo popita kuchimbudzi. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) tinanena kawiri konse. Ati tidzaona.