Kafukufuku wa madzi ndi udzudzu: ife ndi anzathu a ku Mozambique

Abale anga a kuchigwa cha Shire kuno, nkhani ya ofufuza obwera kudzatunga madzi a pamjigo mmabotolo kapena kudzatenga mikodzo ya ana kusukulu kuyeza likodzo imandikhudza heve. Tiyeni tiyerekeze ndi anzathu a tsidya.

Kwathu kuno kalowedwe timakatha ndithu. Ofufuza sangofika, amayamba kwa anyakwawa, alangizi a zaumoyo aja timati ma HSA amawaperekeza khomo ndi khomo, fomu yachilolezo amakuwerengera usanadinde chala. Ndipo ku Chikwawa zinthu zinafika pena pabwino ndi pulojekiti ya malungo ya ku Majete ija, anthu eni ake ankasankha mavolontiya mmudzi, kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga, kuika sefa mmawindo, kukwirira zithaphwi komanso kupopera mankhwala opha mphutsi za udzudzu, ntchito ili mmanja mwa eni mudzi osati alendo. Koma zoterezi nzochepa. Kambiri botolo likapita ku labu basi zii, mjigo wamchere uja tikumwabe, amayi akubwerera ku Shire komwe kuli ng'ona chifukwa madzi amchere nyemba sizipsa, sopo sachita thovu.

Ku Mozambique nako ofufuza amadzera kwa mafumu a kumeneko otchedwa ma regulo, ali ndi azaumoyo a mmudzi otchedwa APE. Chimene ndimawasilira ndi cha kumtsinje wa Búzi ku Sofala, komwe anthu wamba anaphunzitsidwa kuwerenga okha mulingo wa madzi ndi mvula nkumatumiza uthenga pa wailesi kwa okhala kumunsi. Woyeza ndi mwini mudzi, zotsatira akuziona ndi maso ake tsiku lomwelo. Vuto lawo ndi Chipwitikizi cha mmapepala chomwe agogo akumudzi sachimva, ngati mmene Chingerezi chimatipingira ife.

Chondiwawa kwambiri nchakuti kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 mdziko muno, namondwe wa Freddy anatimenya tonse mu 2023, odwala a tsidya amawoloka kudzagona zipatala za ku Nsanje, koma kafukufuku amathera pa chipata cha malire cha Marka ngati madzi a Shire nawo amadinditsa pasipoti. Ambiri timayankhula Chisena, timakwatirana, timagulitsana nsomba. Ofufuza atipatse zipangizo zoyezera madzi makomiti a mbali zonse ziwiri, ndipo zotsatira zizibwera pabwalo la amfumu mchiyankhulo chathu mvula isanayambe.