Chichewa chinakulakwira chiyani, mchimwene?

Lero ndapsa mtima ndipo ndilankhula.

M'mawa ndimatsika masitepe oyenda okha aja pa Park Station ku Joni, kupita pansi kukakwera sitima ya Gautrain. Pageti ndapeza mayi achikulire, chitenje m'chiuno, chikwama chachikulu pambali. Angotsika basi ya ku Blantyre: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, miyendo yachita kutupa. M'manja agwira marandi, akufuna kulipira ngati pa minibasi ya ku Limbe. Adziwa bwanji kuti geti la pamenepo silimva ndalama, limafuna khadi?

Pafupi nawo paima mnyamata wa jekete, akukuwa pafoni, "Aise ndikubwera, undidikire." Chichewa cha ku Ndirande chenicheni. Nkhope ya mayi aja inawala. "Mwanangu, ndithandize, ndikupita kwa mwana wanga ku Sandton."

Mukudziwa chimene wachita? Wawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyankha m'Chingerezi kuti sakumva. Khadi lake pageti, ulendo.

Sakumva! Munthu amene ndamumva ndi makutu angawa! Iwe mchimwene, wakana mayi ako. Usandiuze kuti sanakubereke, amene wakuitana kuti mwanangu pansi pa nthaka ya eni ake ndi mayi ako basi. Wakana lilime limene unayamwira. Wakana kwanu chifukwa cha jekete ndi sitima yoyera. Ena muti ndi mantha, tonse tikukumbukira nkhanza zimene anachitira alendo kuno mu 2008 ndi 2015, koma mantha ake ati amene amakugwira polankhula ndi gogo, pafoni ayi?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nawenso tsiku lako loyamba ku Joni unaima pomwepo, maso mwazumwazu, wina anakulozera njira. Lero wasanduka bwana.

Ine ndawathandiza kugula khadi, takwera limodzi. Rosebank, kenako Sandton, mphindi zosakwana 10. Kanthu kakang'ono chonchi ndiye kakukanika? Njira yonse mayi aja anandigwira dzanja, akufunsa ngati tilidi pansi pa nyumba za anthu.

Ndipo inu amene mumaitana makolo kuchokera kumudzi n'kungowauza pafoni kuti "mukatsika mukwere sitima", manyazi mulibe? Munthu sanaonepo sitima yoyenda m'dzenje chibadwire. Tafika ku Sandton, ndaimba nambala ya mwana wawoyo kanayi. Foni yozimitsa.