Zimene banki yavomera si zimene thumba lanu lingakwanitse

Anzanga amene mukuganiza zotenga ngongole ya nyumba, ndimveni. Banki ikakuuzani kuti ikhoza kukubwerekani ndalama zakutizakuti, musathamangire kukasaka nyumba ya mtengo womwewo. Iwo amawerengera zoti ndalama zawo zibwerere, ndipo nyumbayo ndi chikole. Mukalephera, alanda n'kugulitsa. Za matenda, sukulu ya ana kapena ntchito kutha mwadzidzidzi, zimenezo ndi zanu.

Mng'ono wanga anabwera dzulo ndi kalata ya ku banki, nkhope ili mwee. Tinakhala pansi, foni m'manja, n'kuyamba kuwonkhetsa. Ngongole ya 10 miliyoni, chiwongoladzanja 15 peresenti, zaka 20. Pamwezi azipereka 131,700 kapena kuchepera pang'ono. Koma mwezi woyamba, 125,000 yonse ndi chiwongoladzanja chokhachokha, ngongole yeniyeniyo itsika ndi ndalama zosakwana 7,000. Pofika kumapeto adzakhala atapereka zoposa 31 miliyoni. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali osayankhula, ine mtima unandiwawa, chifukwa palibe amene anamufotokozera zimenezi.

Kenaka tinasintha zaka kukhala 15. Zapamwezi zinakwera kufika pafupifupi 140,000, koma zonse pamodzi zinatsikira ku 25 miliyoni. Kuwonjezera 8,000 ndi kanthu pamwezi, n'kupulumutsa zoposa 6 miliyoni!

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chiwongoladzanja chosinthasintha. Chikangochoka pa 15 kufika pa 18, ngongole yomwe ija ya zaka 20 iyamba kudya 154,000 pamwezi, malipiro anu ali pomwepo. Ku America anthu ambiri analandidwa nyumba cha m'ma 2008, ndipo ena mwa iwo anakopeka ndi chiwongoladzanja chotsika cha poyambira chimene chinadzakwera pambuyo pake. Funsani musanasaine: kodi changa ndi chokhazikika kapena chiziyenda ndi msika?

Ambiri amalangiza kuti za nyumba zisapose gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro. Ine ndimati muwerengere pa ndalama imene imafikadi m'manja msonkho utadulidwa, ndipo muphatikizemo inshuwalansi, msonkho wa malo ndi denga likadontha. Dipoziti, loya ndi woyesa mtengo wa nyumba nawonso amafuna zawo musanalandire n'komwe makiyi.

Mng'ono wangayo ndamuuza kuti kwa miyezi 6 aziika padera ndalama yonse imene akanamapereka ku banki, kuchotserapo lendi, osaikhudza. Ikamupana, afune nyumba yocheperapo.