Za Anastasia, ine wolakwa ndimamuona wina

Dzulo pagulu lathu la WhatsApp panali mkangano, mkulu wina akulimbikira kuti Anastasia, mwana wa Tsar Nicholas II, mfumu yomaliza ya ku Russia, anapulumuka ndithu ati anakakalambira ku America. Anthu kumuseka. Ine sindinaseke nawo ngakhale ndikudziwa kuti akunama.

Usiku wa pa 16 kulowa 17 July 1918 ku Yekaterinburg, m'nyumba ya Ipatiev momwe a banja lachifumu ankasungidwa ngati akaidi, anawadzutsa ati tsikirani kuchipinda chapansi mutauni mwavuta. Mfumu, mkazi wake Alexandra, ana awo aakazi anayi, ndi mwana wawo wamwamuna Alexei wa zaka 13 amene bambo ake anachita kumunyamula poti samatha kuyenda. Dokotala Botkin ndi antchito atatu, amene sitimawatchula nkomwe, analinso momwemo. Anthu 11. Yurovsky, mkulu wa alonda a panyumbapo, anawerenga chigamulo, basi mfuti. Atsikanawo sanafe pompo chifukwa anali atasokera madayamondi m'zovala zamkati ndiye zipolopolo sizimalowa bwino, mpaka anachita kuwatsiriza ndi mipeni ya kumfuti. Anastasia anali ndi zaka 17 zokha.

Ndiyeno taonani zomwe a Bolshevik, amene anali atalanda boma ku Russia, anachita. Analengeza kuti aphedwa ndi Nicholas yekha, banja lasamutsidwira kumalo otetezeka. Mitembo anakaibisa kunkhalango, kuithira asidi, ina kuiwotcha. Palibe maliro, palibe manda, palibe anaona nkhope. Inuyo wachibale wanu atangosowa choncho, boma n'kukuuzani kuti ali bwino, mungameta? Agogo awo a anawo, Maria Feodorovna, anakana mpaka imfa yawo mu 1928 kuvomera kuti mwana wawo ndi zidzukulu anaphedwa. Mphekesera ija anaidzala ndi opha anthuwo, enawa amangothirira.

Ndi mmene Anna Anderson anapezera polowera. Mayi ameneyu anamuvuula mu ngalande ya Landwehr ku Berlin mu 1920 atafuna kudzipha, alibe mapepala, dzina sakunena, patapita nthawi n'kuyamba kunena kuti ndine Anastasia. Azakhali ake enieni a Anastasia, Olga Alexandrovna, anapita kukamuona mu 1925 n'kunena kuti ayi si ameneyu, komabe anthu ena anamukakamira, mlandu ku makhoti a ku Germany unakoka mpaka 1970 osatsimikiza kanthu. Anamwalira mu 1984 ku Charlottesville akunenabe zomwezo. DNA ya 1994 ndi imene inaulula kuti anali Franziska Schanzkowska, mayi wachipolishi wogwira ntchito mufakitale. Ineyo ndimamumvera chisoni kuposa kumuda, mutu wake sunali bwino ndipo omuzungulira ena amafunapo zawo.

Mafupa atafukulidwa mu 1991 anapezeka a anthu 9 okha, Prince Philip wa ku Britain anapereka magazi kuti ayeze popeza anali wachibale wa Alexandra kuchikazi, zinagwirizana. Anawaika ku St Petersburg pa 17 July 1998. Koma awiri akusowa! Mphekesera inadzukanso, ndipo kunena zoona ndikanakhala wamkulu nthawi imeneyo bwenzi inenso ndikuti mwaonatu.

Awiriwo, Alexei ndi mmodzi mwa alongo ake, anapezeka mu 2007 chapafupi pomwepo, tizidutswa ta mafupa topserera. Apa n'kuti agogo aja atagona m'manda zaka 79.