Musanasamuke kagoneni kaye komweko mvula ikugwa

Dzulo mphwanga wandiimbira foni, akuti achimwene kuno ndatopako ndikufuna ndisamuke, nde mundiuze pakati pa Lilongwe ndi Blantyre kwabwino nkuti. Ndinayamba ndaseka kaye. Funso limeneli lakhala likukanganitsa anthu pa Facebook pano kwa zaka, a ku Blantyre amati Lilongwe ndi chimudzi chachikulu cha fumbi, a ku Lilongwe amati dola zonse zinabwera kuno inu munatsala ndi mapiri basi, a ku Mzuzu amangoonerera atavala majuzi awo. Ine ndakhalako konse kuwiri, Blantyre zaka 6, Lilongwe chino nchaka chachisanu, nde ndiloleni ndiyankhuleko, wokwiya akwiye.

Funso lenilenilo ndi limene lili lopotoka. Munthu sukhala mu Lilongwe yense, umakhala ku Area 25 kapena ku Chinsapo kapena kwa Biwi, ndipo wa ku Area 10 ndi wa ku Mtandire angofanana dzina la mzinda pa envulopu koma moyo wawo ndi maiko awiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre, nde mukamati Lilongwe ndi kwabwino mukunena Lilongwe wa ndani mwa anthu onsewa?

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Nditangopeza vepi ku Lilongwe ndinabwera mu October kudzasaka nyumba, dzuwa likuswa mtengo, paliponse pouma gwa. Ejenti wina anandidya kaye ya viewing kenaka anandiperekeza pa kanyumba kooneka bwino, zipinda ziwiri, mita ya magetsi yakeyake, penti watsopano mbee, lendi yotsika moti mumtima ndinati Mulungu wandiyankha. Landilodi anati miyezi 3 ya adivansi, ndinapereka pompo osafunsa kanthu kuopa kuti wina angandilande. Tsiku losamuka tikutsitsa katundu mu lole, amayi ena ogulitsa tomato panja pa geti anandiyang'ana nkuti, achimwene mwalowa m'menemo? Ndinati eya mayi. Anangoti, chabwino, tidzachezanso January. Ine ndimvekere ndi nthabwala za anthu a kuno.

January atafika ndinamvetsa chifukwa chake penti uja anali wokhuthala kuyambira pansi kufika m'mawondo. Malo aja anali dambo lakalekale, anthu anangothira dothi nkumanga. Usiku wina cha m'ma 2 koloko ndinatsitsa mwendo pabedi nkuponda m'madzi, masilipasi akuyandama ngati mabwato a pa Senga Bay, thumba la ufa limene mayi ananditumizira lanyowa theka, masatifiketi ndinawapulumutsa chifukwa anali pamwamba pa wadiropu. Kutacha ndinaona kuti aneba onse mabedi awo anawakweza pa njerwa zitatuzitatu, ndipo palibe amene anadabwa. Landilodi foni osayankha mpaka tsiku la lendi. Amayi a tomato aja anangondipatsa moni nkundiwonjezera tomato mmodzi wa basela, osanena kanthu.

Zangazi nzocheperatu. Amene analipo mu February 2017 akukumbuka mtsinje wa Lingadzi utasefukira nkulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire. Za ku Blantyre mu March 2023 nzosayamba nkomwe, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchoka m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe ndi kwa Manja, anthu anapita ali mtulo. Ambiri mwa anthu amenewa sanakwere phiri chifukwa chokonda mphepo ayi, anakwera chifukwa lendi ya kumeneko ndi imene thumba limakwanitsa, nde sindikuweruza munthu. Ndikungoti nyumba ikatchipa modabwitsa, pali chimene landilodi akudziwa chimene inu simukuchidziwa, ndipo October sangakuuzeni.

Kenaka pali nkhani ya thiransipoti imene ambiri timayiwala powerengera. Lilongwe anamumanga motayana, likulu litachoka ku Zomba mu 1975 mzindawu unali wa ma Area otalikirana ndi tchire pakati, Old Town uko, City Centre ndi Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo uko. Mukapeza ntchito ku Kanengo nkukapeza nyumba yotchipa ku Area 36 kapena ku Likuni, muwerengere minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera, mwinanso kabaza pamwamba, tsiku ndi tsiku, ndipo mafuta akasowa kondakita amakweza mtengo mukuona. Ndalama imene mumati mwapulumutsa pa lendi yonse imathera pa siteji, kuphatikizapo tulo tanu chifukwa 5 koloko muyenera kukhala mutadzuka. Apa Blantyre ndimamupatsa ulemu wake. Wa ku Ndirande amatha kuyenda wapansi kukafika ku Makata kapena pa Ginnery Corner mwezi ukakhala pakati, thukuta inde koma wafika. Ku Lilongwe ukayesa zimenezo ukafika anzako akuweruka.

Koma Blantyre naye ali ndi zake. Madzi ambiri a mumzindamo amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera nawo mtunda chifukwa mzindawo uli pamwamba, nde magetsi akavuta kumeneko mpope wanu umamvanso, makamaka ngati mumakhala kokwera. Ine kumene ndinkakhala tinazolowera kutchera alamu ya pakati pa usiku kuti titunge, zigubu ndandanda m'khitchini ngati tikugulitsa. Ku Zomba madzi amangotsetsereka okha kuchoka pa damu la Mulunguzi paphiri paja, ozizira bwino. Nde mukapita kokaona nyumba musamangoyang'ana matailosi, tsegulani mpope, kenaka suzumirani kuseri kwa nyumba ya aneba. Mukaona zigubu ndi migolo yambiri mwayankhidwa kale, musavutike nkufunsa ejenti.

China chimene sitimachinena poyera koma tonse timachidziwa, kumudzi kuli patali bwanji. Kwathu ndi ku Mulanje. Ndili ku Blantyre ufa, nandolo, mapeyala zinkangobwera pa minibasi, maliro akachitika m'mawa masana ndafika. Koma abale inu, nyumba yanga inasanduka gesiti hausi, aliyense wodwala amene amutumiza ku Queens ndi womudikirira wake amafikira kwa ine, azakhali kubwera kuti agona masiku awiri nkutha mwezi, ndipo ungawathamangitse bwanji ndi azakhali ako. Nditabwera ku Lilongwe alendo anachepa, ndalama inayamba kuoneka pang'ono, koma uthenga wa maliro ukabwera mutu umaima chifukwa Lilongwe kukafika Blantyre kokha ndi makilomita opitirira 300, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya basi inapenga. Pali maliro a amalume amene ndinangotumiza chipepeso pa foni, mpaka lero mayi sanaiwale, amazitchulabe tikamacheza. Nde aliyense adziyeze yekha, ena kufupi kumawamaliza, ena kutali kumawadwalitsa mtima.

Mzuzu sindinakhaleko nthawi yaitali, ndinangogwirako ntchito miyezi yochepa, koma ndinakukonda. Kabata, tauni yaing'ono, ku Katoto, ku Chibavi, ku Luwinga konse nkufupi, zakudya pamsika zosavuta, nyanja ku Nkhata Bay ili pomwepa. Kungoti kuzizira ndi kamvula kosatha kaja, zochapa zimatha masiku pa chingwe, ndipo phunzirankoni ka Chitumbuka ka moni, anthu amakulandira bwino ukayesa. Zomba ndi wa anthu ofatsa, ngati si wa ku Chanco, wa ku polisi, msilikali kapena wa m'boma ntchito zake nzowerengeka.

Ndipo ndani ananena kuti kusamuka ndi kupita mumzinda basi? Mphunzitsi kapena namwino wa boma giredi ikakhala imodzi malipiro ndi omwewo kaya ali ku Kawale kaya ali pa Dedza boma, koma wa pa Dedza lendi yake ndi yochepa, mbatata ya kachewere ndi kabichi zili pakhomo, kuntchito amapita wapansi, kadimba alinako. Ndili ndi mnzanga wa kusukulu amene tinkamuseka kuti watsalira ku Mchinji, iye phee kugula soya ndi mtedza nthawi yokolola, pano anamanga yake ya malata achikuda pamene ife a mtauni tikukanganabe ndi landilodi za mayuniti. Wa geni ya katundu wa ku Tanzania, Karonga kapena Mzuzu zimamuyendera kuposa Limbe chifukwa boda ya Songwe ili kufupi. Ukatsata kumene kuli mpamba wako, dzina la tauni silikhalanso ndi ntchito kwenikweni.

Mphwanga uja ndamuuza kuti asatumize ndalama kwa ejenti aliyense chifukwa cha zithunzi za pa WhatsApp. Abwere January mvula ili pakati, mphasa ilipo pabalaza, adzagone sabata imodzi. Tidzadzuke limodzi 5 koloko akakwere minibasi kuchoka dera limene akulifunalo mpaka kumene akuyembekeza kukagwira ntchito, awerenge yekha ndalama ndi nthawi, madzulo tikazungulire nyumbayo tione ngati khoma lili ndi mzere wa madzi, ndipo asanalankhule ndi landilodi akagule kaye tomato kwa amayi apafupi nkucheza nawo. Wayankha kuti achimwene January ndi kutali, ejenti akuti nyumbayo ena akuyifunanso mawa. Ndamufunsa kuti penti wake ndi watsopano? Akuti eya, mbee, mwadziwa bwanji.